Madzi Saiŵala Khwaŵa, Koma Ife Timaiŵala

Mau amene anakambidwa pa tsiku la chikondwerero chathu, amayi a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka atasonkhana pamodzi

  Ndidziŵa kuti dzuŵa la kwathu kuno silichita manyazi ndi munthu, ndiponso ndamva kale kafungo ka mpunga kuchokera kuseri uko, tsono sindidzakusungani kufikira madzulo.

Nkhani yanga iyambira pa doko la mtsinje. Ife tikhala kunsi kwa mapiri, ndipo mvula ikagwa kumtunda ku Dedza ndi ku Ntcheu madzi ake atsikira kwa ife, kudzera m'Nadzipokwe, m'Namikokwe, m'Livulezi ndi m'makwaŵa ena ambiri. Mudziŵa nokha kuti mtsinje utha kudzaza pamene kuno sikunagwe ngakhale dontho limodzi. Tsono tiyerekeze mayi wina alikuchokera ku chigayo mwezi wa Januwale, thumba la ufa pamutu, mwana kumbuyo. Wafika pa doko, wapeza madzi afiira pang'ono, ndipo kumapiri kwada bii. Palibe womfunsa. Aima kanthaŵi kochepa, kenaka akwinda chitenje naloŵa m'madzi, kapena atula thumba nakhala pansi kudikira. Funso langa lero ndi ili: m'kanthaŵi kochepa kaja, chinachitika n'chiyani m'mutu mwa mayiyu? Pakuti moyo wake ndi wa mwana unatsamira pa kanthaŵi kameneko.

Ife timati, "Mtima wanga unakana," kapena, "Mtima unandiuza." Sindifuna kulimbana ndi chinenero chathu, mau ameneŵa ndi okoma ndipo tidzaŵanenabe. Koma madokotala atiuza kuti mtima ntchito yake ndi kupopa magazi. Kukana ndi kubvomera kuchitika mu ubongo, kanthu kofeŵa kolemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, kokhala ndi timaselo tolankhulana pafupifupi mabiliyoni 86. Ubongo sudziŵa za maŵa. Chuma chake chonse ndi zakale: zimene tinaona, zimene tinamva, zimene zinatipweteka ndi zimene zinatikomera. Ukafuna kusankha chochita utenga zakalezo nuziika pa sikelo. Inu amene mugulitsa mpunga ndi thonje mudziŵa kuti sikelo itha kuoneka yabwinobwino chikhalirecho ipendekera mbali imodzi. Sikelo ya m'mutu mwathu itithandiza tsiku ndi tsiku, popanda iyo sitikanatha ngakhale kuthira mchere m'ndiwo. Koma nayonso iri ndi popendekera pake, ndipo ndi bwino mwini wake adziŵe kumene ipendekera.

Poyamba tidziŵe kuti zakale sizikhala m'nkhokwe imodzi. Mu 1911 dokotala wina wa ku Geneva m'dziko la Switzerland, dzina lake Édouard Claparède, analemba za mayi amene anali kumsamala m'chipatala. Nthenda inamlanda mayiyo mphamvu ya kukumbukira zatsopano, kotero kuti dokotala akatuluka m'chipinda nabweranso patapita mphindi zochepa, mayiyo anali kumuona ngati mlendo. Tsiku lina dokotalayo anabisa phini pakati pa zala zake napereka moni wa dzanja. Mayi uja analasidwa nabweza dzanja msanga, ndipo posakhalitsa anaiŵala zonse. Koma dokotala atatambasulanso dzanja, mayiyo anakana kulilandira. Atamfunsa chifukwa chake sanathe kunena kuti munandilasa ndinu; anangoti nthaŵi zina anthu amabisa maphini m'manja. Ndinene pambali kuti dokotala wochita zotere masiku ano akanaitanidwa ku bwalo, ndipo kukanakhala kuyenera. Koma chimene anaona chinali choona: nkhani ya phini inafafanizika, koma phunziro la phini linatsala.

Akatswiri a pambuyo pake anapeza chifukwa chake. Mbali ya ubongo yosunga nkhani, yakuti zakutizakuti zinachitika tsiku lakuti pamalo pakuti, aitcha hippocampus. Mbali yophunzira mantha ndi ina, kanthu kakang'ono ngati mtedza kotchedwa amygdala, ndipo iyo itha kuchenjeza thupi mwini wake asanapeze mau. Ndicho chifukwa chake mayi amene wakhala zaka 30 pafupi ndi mtsinje atha kungoyang'ana madzi n'kunena kuti, "Lero iai." Mukamfunsa chifukwa asoŵa chonena. Koma maso ake aona mtundu wa madzi ndi timitengo toyandama, makutu ake amva kuti mkokomo wasintha, ndipo ubongo wafanizira zonsezo ndi masiku ena mazana amene iye mwini sangaŵerenge. Ana inu, mayi wotere akanena kuti thupi lake lirikukana, musamseke.

Komabe nkhokwe yomweyi ndiyo ipendeketsa sikelo koyamba. Choŵaŵa chilemera kuposa chokoma. Akatswiri aŵiri, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa mu 1979 kuti munthu amva kuŵaŵa kwa kutaya chinthu kuposa m'mene amvera kukoma kwa kupeza china cha mtengo womwewo, ndipo atayesa pambuyo pake anapeza kuti kwa anthu ambiri kutaya kulemera pafupifupi kaŵiri. Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito yotere. Koma inu simusoŵa mphoto kuti mubvomereze. Mwanapiye mmodzi amene anatengedwa ndi kabaŵi mumkumbukira kuposa anzake 10 amene anakula bwino nadyedwa pa Khirisimasi.

Ndipo ubongo ukapwetekedwa ufulumira kuloza chala, nuloza chimene chiri chachilendo. Wina anadya chakudya chachilendo madzulo, usiku malungo namgwira, nasanza. Kufikira lero chakudya chija safuna ngakhale kuchinunkhiza, chikhalirecho wolakwa anali udzudzu. Ndi m'munda momwe ziri chomwecho. Mukumbukira m'mene mvula inadukira kumayambiriro kwa 2024, chimanga chiri m'munda, kufikira Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Mayi amene anayesa mbeu yatsopano kapena kalimidwe katsopano chaka chimenecho, natuluka m'munda chimanjamanja, lero alumbira kuti mbeu ija ndi yachabe. Kapena ndi yachabedi. Koma chaka chija sichingakhale mboni pa mlandu umenewu, pakuti ndi mbeu ya makolo yomwe inauma m'munda wa mnansi wake.

Chobvuta koposa ndi cha chipatala. Ndamva amayi ena akunena kuti, "Ine kuchipatala sindipitako, mchemwali wanga anakafera komweko." Sindipeputsa maliro amenewo, iai. Koma taonani m'mene sikelo yayesera. Mbali imodzi pali maliro amodzi, olemera ngati mphero. Mbali inayo pali ana onse a m'banjamo amene anabadwira komweko nabwera kumudzi amoyo, malungo onse amene anachizidwa, zilonda zonse zimene zinapola, ndipo zonsezo zapepuka ngati mankhusu chifukwa zinatha bwino ndipo palibe anazisunga. Kaŵirikaŵiri sitifunsanso ngati wodwala uja anafika nthaŵi yabwino kapena anafika mphamvu zitatha kale. Chotero mantha achedwetsa wodwala wachiŵiri, nayenso afika mochedwa, ndipo mantha aja aoneka ngati ananena zoona.

Tsopano ndifike pa kupendekera kwachiŵiri. Pamenepa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi kumene kwaloŵetsa madzi m'nyumba za anthu.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 katswiri wina, Wolfram Schultz, anali kugwira ntchito ku Fribourg, ku Switzerland komweko. Iye anali kumvetsera timaselo tina ta mu ubongo wa apusi, timene titulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa dopamine. Pusi akalandira dontho la madzi a zipatso mosayembekezera, timaseloto tinali kugunda mofulumira ngati ng'oma ya chimtali. Kenaka Schultz anayamba kuyatsa kanyali asanapereke madziwo. Pusi ataphunzira kuti kanyali ndi mthenga wa madzi, timaselo tinayamba kugunda pa kanyali, ndipo madzi akafika monga mwa chiyembekezo sitinasinthenso kagundidwe kake. Koma kanyali kakayaka, madzi osabwera, timaselo tinali kuti zii pa nthaŵi yeniyeni imene madziwo anayenera kufika.

Tanthauzo lake ndi ili. Ubongo uli ndi chiyembekezo chake pa chinthu chiri chonse, ndipo uphunzira poona kusiyana pakati pa chimene unayembekeza ndi chimene chabwera. Zikakoma kuposa muyeso ukweza chiyembekezo pang'ono, zikaipa uchitsitsa pang'ono, ndipo utero tsiku ndi tsiku moyo wonse. Popeza kukonza kuli konse kuchitika pamwamba pa kukonza kwa kale, za dzulo zilemera kuposa za dzana, za dzana kuposa za chaka chatha. Ziri ngati mtsuko umene tsiku liri lonse mutungamo chikho chimodzi ndi kuthiramo chikho cha madzi atsopano. Mtsuko ukhala wodzaza nthaŵi zonse, koma patapita mwezi madzi a tsiku loyamba atsalamo ochepa zedi.

Tibwerere kwa mayi uja tinamsiya pa doko. Kapena anamvapo kale kuti wina anakokoloka pamalo omwewo, ndipo chaka chimenecho anali kuopa. Koma chiyambire pamenepo waoloka ka 50 osagwa, ndipo ulendo uli wonse wathira chikho china mu mtsuko, chonena kuti palibe kanthu. Mtsinje suphunzitsa pang'onopang'ono monga aphunzitsira moto, umene uyamba wakuotcha kachala ukali mwana. Madzi ofika m'maondo okha, akakhala othamanga, atha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ambiri amene alandira phunziro limenelo sabwera kudzalifotokoza. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ndipo asati ndi amayi osaphunzira okha amene mitsinje yathu iŵadzidzimutsa. Sikimu ya Bwanje, ija inamangidwa ndi chithandizo cha dziko la Japan, itangogwira ntchito zaka zochepa madzi a Namikokwe anagumula mbali ya ngalande yake yaikulu, ndipo panafunika kuikonzanso.

Koma mphunzitsi wamkulu wa nkhani imeneyi ndi nyanja yathu. Ife tiiona ngati chinthu chokhazikika, chimene chinali pomwepo agogo athu asanabadwe. Miyeso imene yalembedwa kwa zaka zoposa 100 inena zina. Cha m'ma 1915 nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kutuluka m'nyanja. Mchenga ndi zomera zinatseka njira yake kufikira cha m'ma 1935. Zaka 20! Mwana wamkazi wobadwa nthaŵi imeneyo anakula, natha msinkhu, nakwatiwa, asanaonepo madzi a m'nyanja akutsikira ku Shire. Mukanamuuza kuti malo amene alimapo adzayendapo ngalawa akanati mwapenga. Koma nyanja inakwera, ndipo mu 1980 inafika pamwamba kuposa chaka china chiri chonse chiyambire kulemba miyeso, pafupifupi mamita 7 pamwamba pa pamene inali mu 1915. Mamita 7 ndi msinkhu wa anthu 4 oimirirana pamutu. Tsono taganizani za kwathu kuno kumene dziko liri lachidikha, kumene madzi akakwera mita imodzi yokha adya dambo lonse.

Itatero inayambanso kutsika. Mu 1997 inali pansi, ndipo mu 2016 ndi 2017 inatsika kufikira madzi opangira magetsi pa Shire anachepa, m'matauni anthu n'kumagona mu mdima. Pa zaka zonsezo gombe linali kukula. Munthu anaona mchenga wouma chaka chino, chamaŵa, ndi chinacho. Anayamba waikapo thandala loyanikira usipa. Madzi sanabwere. Anamanga kakhumbi. Madzi sanabwere. Potsiriza anaumba njerwa, naziotcha, nakhoma malata, ndipo ndalama zonse za nsomba ndi za mpunga za zaka 10 zinaloŵa m'nyumba imeneyo. A ndalama zambiri nawonso anamanga nyumba zogona alendo pamchenga penipeni. Anthu ameneŵa sanali opusa. Sikelo yao inayesa mokhulupirika zonse zimene inapatsidwa, koma inapatsidwa zaka zouma zokhazokha. Mu 2023 ndi 2024 nyanja inabwerera, niloŵa m'nyumba ndi m'mahotela ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Panali kudandaula kwambiri kuti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe, ndipo mlandu umenewo uli ndi eni ake. Chimene ine ndifuna mumve ndi chakuti madzi a 2024 sanafike n'komwe pamene anafika a 1980. Nyanja sinabe malo a munthu. Inangobwerera pakhomo pake, monga makolo ananenera kuti madzi saiŵala khwaŵa.

Musaganize kuti kuiŵala kotere ndi nthenda ya Amalaŵi okha. Mu 2019 akatswiri a ku Czech Republic anafufuza midzi ndi mizinda yoposa 1,000 imene inamangidwa m'dziko lao pa zaka mazana ambiri, nayerekeza malo ake ndi zaka za chigumula chachikulu. Anapeza kuti chigumula chikachitika anthu amanga kumtunda kwa mbadwo umodzi, zaka ngati 25. A mbadwo wachiŵiri ayamba kutsikiranso kumadzi. Mantha akhala ndi mphamvu pamene amene anaona ndi maso akali moyo ndipo alikulankhula. Iwo akangokhala chete, dambo liyambanso kuoneka lokoma, pakuti ndi lachonde ndipo madzi otunga ali pafupi. Kwa ife nkhaniyi ifulumira koposa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti oposa theka la anthu a m'Malaŵi anali osakwana zaka 18. Ambiri amene alikufuna malo omangapo nyumba lero anabadwa 1980 itapita kale. Mu mtsuko mwao mulibe ngakhale dontho la chaka chimenecho, pokhapokha wina atathiramo.

Musandimve ngati ndirikunena kuti agogo salakwa, ndiponso kuti chakale chiri chonse ndi chanzeru. Ndaona ana ena akuyang'anana, ngati kuti tayambanso ija ya masiku onse. Iai. Pali zinthu zimene zisintha msanga, ndipo pa zimenezo kulemeretsa za dzulo ndiye nzeru. Mukatenga mpunga kupita nao ku msika wa Mtakataka, mtengo wofunika kuudziŵa ndi wa sabata latha. Amene aumirira mtengo wa 1980 abwera ndi misozi. Pa nkhani ya mvula yobzalira, mayi amene angotsata tsiku limene amake anali kubzala, osamvera za nyengo pa wailesi, atha kubzala kaŵiri chaka chimodzi. Mu 2007 akatswiri a ku Oxford anaonetsa kuti ubongo wa munthu uyesa kudzikonza wokha pa zimenezi: ukaona kuti zinthu zirikusinthasintha utsamira pa zaposachedwa, ukaona kuti zakhazikika uyang'ana kutali m'mbuyo. Ndi luso lodabwitsa. Koma kutali kumene utha kuyang'ana ndi moyo wa mwini wake basi. Nyanja ipuma mpweya umodzi pa zaka makumi angapo. Chilala chachikulu ndi chigumula chachikulu zitha kudumpha mbadwo wathunthu. Pa zinthu zotere mutu umodzi ndi waufupi, ngakhale utakhala wanzeru chotani. Chotero pamene mulikusankha chinthu cholemera, monga malo a nyumba, ndi bwino kuyamba mwafunsa kuti kodi chinthu chimene ndirikuchiopa kapena kuchidalira chiyenda ulendo wa masabata kapena wa mibadwo. Chikakhala cha mibadwo, pafunika kubwereka zaka za anthu ena.

Kodi kubwereka kotere kutheka? Kutheka ndithu, ndipo ndikuuzeni za anthu amene anapulumuka nako. Ambiri a inu mukumbukira chibvomezi cha mu Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima, kufupi ndi ife kuno. Ku maiko a m'nyanja zamchere chibvomezi chikachitika pansi pa madzi chitha kuutsa mafunde aatali kuposa nyumba, amene aloŵa kumtunda nasesa zonse, aŵatcha tsunami. Pa chilumba cha Simeulue m'dziko la Indonesia mafunde otere anapha anthu ambiri mu 1907. Otsala sanakhale chete. Anauza ana ao, ana nauza adzukulu, m'nthano ndi m'nyimbo zogonekera ana, kuti dziko likagwedezeka kwambiri ndipo nyanja ikathaŵa gombe, usatole nsomba zotsala pamchenga, thamangira kuphiri. Chinthucho anachipatsa dzina lakelake, smong, kuti ndi mwana yemwe achidziŵe. Panapita zaka 97. Pa 26 Disembala 2004 dziko linagwedezekanso, ndipo mafunde anapha anthu oposa 200,000 m'maiko ambiri. Simeulue inali pafupi kwambiri ndi pamene chibvomezi chinayambira, nyumba zambiri zinapita, koma mwa anthu oposa 70,000 a pa chilumbacho anafa 7 okha. Pafupifupi onse amene anathamangira kuphiri tsiku lija anali asanaonepo smong ndi maso ao. Anathamanga ndi chikumbukiro cha agogo ao.

Ndipo tisayang'ane kutali kokha. Pamene mayi wina wa mbiri yakale, Megan Vaughan, anafuna kulemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, sanadalire makalata a Boma la atsamunda okha. Anakakhala pansi ndi amayi okalamba, namvetsera zimene anasunga m'mitu mwao ndi m'nyimbo za pamtondo: zimene anthu anadya, kumene anakasuma, ndi m'mene mabanja ena anapasukira amuna atachoka osabweranso. Buku lake linatuluka mu 1987, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu yake inachokera kwa amayi amenewo. Ndi amayi amene adziŵa chaka chimene nkhokwe inatha mu Okutobala, ndi amayi amene anasenza ana ndi miphika usiku uja madzi analoŵa. Koma mtondo ulikusoŵa tsopano, chigayo chalanda ntchito yake, ndipo pa chigayo phokoso sililola munthu kuimba kapena kusimba nkhani. Ngati sitipeza malo ena oikapo zimene tidziŵa, zidzapita nafe kumanda.

Tsono ndiri ndi pempho, Amayi a pampando, ndipo silifuna ndalama zambiri. Nthambi iri yonse igule kope limodzi lachikuto cholimba. M'menemo mulembedwe pamene madzi analekezera mu 1980 ndi mu 2024, ndi pamene mtsinje wa kwanu unafika chaka chimene unasefukira koposa. Musalembe kuti "anafika kutali," pakuti mau amenewo mdzukulu sangamange nao nyumba. Lembani kuti anafika pa mlambe wakuti, pa chulu chakuti, pa chitsime chakuti, ndipo ngati a mfumu alola, pa mlambepo pakhale chizindikiro choti ana aziona popita ku sukulu. Mulembenso chaka ndi chaka tsiku limene mvula yobzalira inagwa, mbeu imene munabzala ndi matumba amene munakolola, zaka zabwino ndi zoipa zomwe, kuti mbeu iŵeruzidwe ndi zaka 5, osati ndi chaka chimodzi cha chilala. Inu amene muyendera odwala, muŵerengenso amene anapita kuchipatala nabwera ali bwino, kuti tsiku lina mnzanu akadzakana kupita chifukwa cha maliro amodzi aja, mudzakhale ndi china choika mbali inayo ya sikelo. Kope silichita mantha ndipo silizoloŵera. Chimene munalemba mu chaka cha madzi chidzalemera chimodzimodzi patapita zaka 30 zouma.

Amene anali namwali mu 1980 lero ndi agogo, ndipo ndirikuona ambiri a inu mwakhala pa mphasa kutsogolo kuno. Tikatha kudya musafulumire kunyamuka. Alembi adzakhala pamthunzi apo ndi makope ndi zolembera, ndipo atsikana angapo akhale nao pamodzi kuti amve ndi makutu ao. Mudzanene dzina la mudzi, chaka, ndi mtengo kapena chulu pamene madzi anaima. Amene maso abvuta kapena dzanja linjenjemera asade nkhaŵa, adzangonena, ena adzalemba.